Mukandifuna Loweruka, mukandipeza ku ntchemberembaye

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga kaya ndi chaka chiti, lero za mayeso ndi za malipiro tiziyike kaye pambali. Pali funso limene limabuka kawirikawiri m'chipinda cha aphunzitsi Lolemba m'mawa, anthu akamafunsana kumene anaswera Loweruka. Funsolo ndi ili: wina atakupatsani ndalama ya minibasi ndi ya pakhomo, n'kukuuzani kuti musankhe masewero amodzi okha oti mukaonere ndi maso anu, osati pa kanema kapena kumvera pa wailesi, mungalowere kuti? Ine yankho langa ndi mpira wamanja, uja timati ntchemberembaye. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, makamaka inu a Maule ndi a Manoma amene mumadziwa kuti nanenso ndili ndi mbali yanga pa nkhondo yanuyo. Sekani ndithu, koma mundimve kaye.

Mpira wamiyendo sindidana nawo ayi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene uli nacho chimene masewero ena onse alibe. Amene munali pa Kamuzu Stadium mu June 2008 mukudziwa chimene ndikunena. Egypt inabwera ku Blantyre itangotenga kumene chikho cha Africa ku Ghana mu February chaka chomwecho. Mphindi 90 zinatha opanda chigoli, ena atayamba kale kutsika masitepe kuti akapeze malo m'minibasi, ndiye Chiukepo Msowoya anaugwedeza ukonde. Anthu osadziwana anakumbatirana, abambo aulemu wawo anataya zipewa, wogulitsa mtedza anaiwala lichero lake. Chimwemwe cha mtundu umenewo chimabwera chifukwa chigoli cha mpira wamiyendo n'chosowa. Umachidikira masana onse, mwina osabwera n'komwe, ndiye chikabwera chimakugwetsa pansi. Ntchemberembaye singakupatse zimenezo, ndipo sindinama kuti ingatero.

Koma tiyeni tiwerengetsere bwinobwino, poti ena mwa inu mumaphunzitsa masamu. Masiku ngati limenelo ndi angati pa moyo wa munthu wokonda kupita ku bwalo? Loweruka wamba limayenda motere: wafika msanga kuti upeze malo, wakhala pa simenti yotentha maola awiri masewero asanayambe, ndipo akayamba, osewera ukuwaona ngati nyerere. Timu ina ikangotsogola ndi chigoli chimodzi, goloboyi wake amayamba kudwala. Akagwira mpira agona nawo pansi, adzuke, amange nsapato, aitanitse madzi. Wina akakhudzidwa pang'ono agubuduzika mpaka machira abwere, akafika kunja kwa mzere wachira. Mpira ukatuluka, wokautola akuyenda ngati akuperekeza maliro. Ukamabwerera kunyumba madzulo, zimene waonadi ndi maso ako zoti n'kusimba mwina n'zinthu zitatu.

Umboni wake ndi wailesi. Amene munakhalapo ku Biafra zaka za m'mbuyomu mukukumbukira kuti pa anthu khumi alionse pamakhala mmodzi atagunditsa kawailesi kukhutu, ena onse n'kumamufunsa kuti "wamwetsa ndani?" kapena "wapatsidwa khadi ndani?" Munthu walipira pakhomo, ali m'bwalo momwemo, koma akudalira Steve Liwewe Banda kuti amuuze chimene chikuchitika patsogolo pake. Masiku ano wailesi yalowedwa m'malo ndi foni, koma vuto ndi lomwe lija. Ku mpira wamiyendo timapitira khamu, nyimbo, ng'oma, kutonzana ndi anzathu a mbali inayo. Zimenezo n'zokoma, koma masewero enieniwo amaoneka bwino pa kanema, pamene amakubwezera chigoli katatu ndi kukuonetsa ngati munthu anajomba kapena ayi.

Ntchemberembaye ili mosiyana. Pa kanema imachepa mphamvu, pamaso ndiye imakula. Chifukwa choyamba ndi kukula kwa bwalo. Bwalo la mpira wamiyendo la masewero akuluakulu limakhala mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi. La mpira wamanja ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi. Tengani choko muchulukitse, mupeza kuti mabwalo 15 a ntchemberembaye akhoza kulowa m'bwalo limodzi la mpira wamiyendo, n'kutsalako malo oimika njinga. Ndiye kuti kulikonse kumene mungaime, masewero onse ali pamphuno panu. Mumaona maso a wosewera akunamiza mnzake kuti aponya kumanzere. Mumamva mpira ukuwomba m'manja, nsapato zikukhula pansi, kaputeni akukalipira mnzake amene wachedwa kubwerera. Palibe amene amafunsa kuti wagoletsa ndani.

Chifukwa chachiwiri ndi malamulo ake, ndipo apa ndichedwepo pang'ono, poti ambiri amene amanyoza masewerowa sanakhalepo pansi kuti awamvetse. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 7, aliyense atavala zilembo zosonyeza malo ake. Bwalo linagawidwa patatu, ndipo aliyense ali ndi malire amene sangadutse. Ogoletsa ndi awiri okha, GS ndi GA, ndipo ayenera kuponya ali mkati mwa kachigawo kozungulira kaja ka pafupi ndi mtengo. Wapakati, amene amavala C, amathamanga zigawo zonse zitatu koma m'kachigawo kogoletsera saloledwa kupondamo. Wogwira mpira sayenda nawo, saunjunjitsa pansi ngati ku basketball, ndipo ayenera kuutaya masekondi atatu asanathe. Womutchinga ayenera kuima pamtunda wa masentimita 90. Mpira sungaponyedwe kudumpha chigawo chathunthu popanda wina kuukhudza. Mkombero uli mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kumbuyo kwake kulibe thabwa loti likuthandize. Ukaphonya waphonya.

Taganizani tanthauzo la malamulo amenewa. Palibe katswiri amene angatenge mpira yekha kuchokera kumbuyo mpaka kukagoletsa, ngakhale atakhala waluso chotani. Palibenso njira yodyera nthawi, chifukwa masekondi atatu sadikira munthu. Wogwira mpira waima chilili, ndiye ntchito yonse ili kwa amene alibe mpira: kuzemba, kunamizira kupita kutsogolo n'kubwerera, kutsegulira mnzako njira, kufika pamalo pa nthawi yake osati msanga kapena mochedwa. Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Kamera imatsata mpira. Koma pa ntchemberembaye, pamene pali mpira ndi pamene pachitika kale zinthu. Zimene zichitike zili mamita asanu kutsogolo, kumene WA akulimbana ndi WD kuti apeze malo pamphepete mwa kachigawo kogoletsera, kapena kumene GK akukankhira GS kutali ndi mtengo pang'onopang'ono popanda kumukhudza moti woyimbira n'kuona. Zimenezi pa kanema simuziona. Muyenera kukhalapo, n'kusankha nokha koyang'ana.

Ndikupatseni ntchito yakunyumba, monga mwa chizolowezi changa. Tsiku limene mudzapite, mudzasankhe wosewera mmodzi wotchinga kumbuyo, GD kapena GK, ndipo kwa mphindi zisanu mudzangoyang'ana iye yekha, mpira mudzauiwale. Mudzaona mtsikana akuwerenga maganizo a anthu atatu nthawi imodzi. Amasiya dala mpata kuti woponya aganize kuti njira ndi yotseguka, mpira ukangochoka m'manja iye ali kale m'malere. Kulanda mpira kotereku ndiko chigoli chenicheni cha masewerowa, ndipo chifukwa chake ndi ichi: pa ntchemberembaye, matimu amasinthana kuyambitsa mpira pakati, posatengera kuti wagoletsa ndani. Inu muyambe, kenako iwo, kenako inu. Ngati aliyense akugoletsa pa mpira umene wayambitsa, zigoli zimangoyendera limodzi mpaka mapeto. Kuti mutsogole muyenera kulanda mpira wa anzanu n'kuugoletsa, kenako n'kugoletsanso wanu. Ndiye mukamva anthu odziwa masewerowa akukuwa kwambiri pamene wotchinga walanda mpira kuposa pamene wogoletsa wagoletsa, musadabwe. Akudziwa kuti masewero atembenukira pamenepo.

Ndipo pali kachetechete kena kake kamene ndimakakonda, kamene ku mpira wamiyendo kamapezeka pa penate pokha. Zigoli zili 40 kwa 40, kwatsala mphindi imodzi, GS wakweza mpira pamwamba pa mutu, womutchinga watambasula dzanja ataimira chala chimodzi. Bwalo lonse limangoti zii. Mumamva ngakhale mwana akutafuna chimanga. Pa masewero olimba, mphindi ngati imeneyo imabwera kangapo m'chigawo chomaliza chokha.

Zodandaula zilipo, ndipo ndazimva zonse. Ena amati wenzulo imalira kwambiri. N'zoona, imaliradi, ndipo woyimbira wosadziwa ntchito akhoza kuwononga masewero mpaka anthu kunyansidwa. Koma onetsetsani: wenzulo ikalira, mpira umayambiranso nthawi yomweyo, palibe zomanga khoma kapena kuzungulira woyimbira anthu asanu ndi atatu. Ena amati matimu akasiyana mphamvu masewero sakoma, ndipo apa ndilibe chotsutsa. Ku mpira wamiyendo timu yofooka ikhoza kutseka kumbuyo masana onse n'kuba chigoli chimodzi. Ku ntchemberembaye kulibe kobisala. Timu yofooka imakwapulidwa 60 kwa 12, ndipo pofika chigawo chachiwiri aliyense wadziwa kale mathero. Masewero otero ngotopetsa, ndiye muzisankha bwino tsiku lopita. Kale anthu ankadikira tsiku limene Escom Sisters ikumane ndi Tigresses pa Blantyre Youth Centre. Mayina a matimu asinthasintha malinga ndi amene akuwathandiza, Escom Sisters inadzakhala Diamonds, koma mfundo yake sinasinthe: funsani kaye kuti akusewera ndani.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa. Ndi masewero ati ena amene Mmalawi angakwere minibasi ya mumzinda, n'kukaima mamita atatu kuchokera kwa osewera amene akulimbana ndi akatswiri a dziko lonse lapansi? Ma Queens anamaliza pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland mu 2007, masiku a Mary Waya, atagonjetsa South Africa pa masewero olimbirana malo amenewo. Anakhala pa nambala 6 ku Singapore mu 2011, ku Sydney mu 2015 ndi ku Liverpool mu 2019, ndipo pa nambala 7 ku Cape Town mu 2023. Pa mpikisano wa ku Sydney uja, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse anali Mwai Kumwenda, mwana wa ku Mzimba amene anayamba ndi mpira womanga ndi mapepala apulasitiki. Mu 2016 ku Melbourne, pa mpikisano wa Fast5 umene amasewera anthu asanu mbali iliyonse, anabwerako ndi nambala 3. Ndipo mu April 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. New Zealand yomweyo chaka chotsatira inakatenga chikho cha dziko lonse ku Liverpool. Phatikizaninso zigolizo: 110 m'mphindi 60, pafupifupi ziwiri pa mphindi iliyonse, ndipo kusiyana kwake zinayi zokha.

Ndikudziwa chimene a Fizikisi anena, poti amakonda kutsutsa: mpira wamanja umaseweredwa mwamphamvu m'mayiko ochepa, makamaka a Commonwealth, pamene wamiyendo ndi wa dziko lonse, ndiye kuyerekeza ma Queens ndi Flames si chilungamo. Ndavomera. Flames kufika ku chikho cha Africa mu 1984, mu 2010 pamene inathira Algeria 3 kwa duu ku Angola, ndi ku Cameroon mu January 2022 pamene Gabadinho Mhango anaponya bomba lija kwa Morocco, si zinthu zazing'ono. Sindikufuna kutsitsa anyamatawo kuti ndikweze atsikana. Mfundo yanga ndi ya woonera. Mukafuna kuona ndi maso anu wosewera mpira wamiyendo wa timu imene ili m'gulu la matimu khumi apamwamba padziko, mufunika pasipoti ndi tikiti ya ndege. Koma Mwai Kumwenda asanapite ku Australia ndi New Zealand, Joyce Mvula asanapite ku Manchester, Towera Vinkhumbo asanapite ku Britain, onsewa ankasewera pa simenti ya kwathu konkuno, dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense wofuna akanatha kukawaona. Ndi angati mwa ife anapita? Tinadikira kuti azungu atiuze kuti ndi akatswiri, ndiye n'kuyamba kuwadzukira usiku pa kanema.

Ndipo anachita zonsezi akuchokera pa mabwalo apanja, pamene mphepo imakhotetsa mpira ndipo kugwa kumatanthauza kusupuka mawondo, n'kukakumana ndi anzawo ozolowera pansi pa matabwa osalala m'nyumba zotchinga. Bwalo lam'nyumba la Griffin Saenda ku Lilongwe, lotchedwa dzina la mphunzitsi wa ma Queens uja, linadzamangidwa chifukwa cha masewero a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa a mu December 2022, patapita zaka 15 chichitikireni za ku Auckland. Komabe ndinene mwakachetechete kuti kwa woonera, bwalo lapanja lili ndi kukoma kwake. Wogoletsa wodziwa amayamba wayang'ana masamba a mtengo kuti aone kumene mphepo ikulowera.

Pali masewero ena amene ndimawakonda pamaso, ndisawaiwale. Mpikisano wothamanga mopatsirana kamtengo, anthu anayi mamita 100 aliyense, pa tsiku la masewero a sukulu, ndi mphindi imodzi yokoma kuposa ina iliyonse pa chaka. Vuto lake ndi loti ndi mphindi imodzi basi, ndipo kuti ifike mwadikira kuyambira m'mawa. Mpikisano wa onyamula katundu wa pa phiri la Mulanje, uja amati Porters Race, ndi wodabwitsa, koma woonera amaona anthu akunyamuka pa Likhubula, kenako amakhala n'kumacheza maola awiri kudikira kuti atsike. Masewero enieni achitikira kumwamba kumene kulibe mboni. Bawo nayo ndimatha kuiyimirira pansi pa mtengo mpaka kuiwala chimene anandituma kumsika, kungoti kumeneko woonera saloledwa kulankhula, ndipo mphunzitsi kukhala chete ola lathunthu ndi chilango.

Nkhani ina ndi ya ana. Mphunzitsi aliyense amene anatengapo ana asukulu kupita nawo ku masewero akuluakulu a mpira wamiyendo amadziwa kuti tsiku limenelo saonera mpira, amawerenga mitu. Pakhomo kukankhana, m'kati mabotolo kuuluka woyimbira akalakwitsa, potuluka mwina utsi wokhetsa misozi. Tonse tikukumbukira 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupanikizana pa zipata za Bingu National Stadium, bwalo limene linali litangotsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Anapita kukaonera mpira pa tsiku la ufulu. Sindikunena kuti ku ntchemberembaye kuli angelo okhaokha. Mikangano iliko, mawu olasa aliko, ndipo amayi ochemerera akakwiya ndi woyimbira, ngakhale ine ndimasuntha pang'ono. Koma ndi malo amene mungapite ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumukhazika kutsogolo, inu n'kuonera masewero mtima uli m'malo.

Inu ana anga akale, ndikudziwa kumene ambiri mumakhala Loweruka masana. Muli m'mavidiyo sho ndi m'mabala, mwavala jezi ya Arsenal kapena Manchester United, mukukangana za anthu amene sadziwa n'komwe kuti Malawi ali mbali iti. Ena mwafika poti simuoneranso mpira, mumaonera kapepala ka kubetcha, kuwerenga makona a timu ya ku Turkey imene dzina lake simutha kulitchula. Sindikuletsani, ndinu akuluakulu tsopano, ena muli ndi ana anu ku sekondale. Ndingokukumbutsani kuti inuyo munali pamzere tsiku lija atsikana a kalasi lanu anabweza zigoli zisanu ndi chimodzi m'chigawo chomaliza, ndipo munabwerera ku hositelo mawu atatha. Palibe amene anabetcha kanthu tsiku limenelo. Mtima umene unagunda pamenepo sunagundepo choncho chifukwa cha kanema, ndipo mukudziwa kuti sindikunama.

Koma mawu anga aakulu ndi a kwa inu aphunzitsi anzanga, chifukwa chizolowezi chonyoza masewerowa chimaphunziridwa kusukulu. Taonani mmene tsiku la masewero limayendera m'masukulu ambiri sukulu ina ikabwera kudzacheza. Ntchemberembaye imaikidwa 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, ana ambiri ali pamzere wa nsima, alendo olemekezeka asanafike. Kapena imayamba nthawi imodzi ndi mpira wa anyamata a timu yachiwiri, ndipo wenzulo ya ku bwalo lalikulu ikangolira, khamu lonse limasamuka ngati njuchi, atsikana n'kutsala ndi mphunzitsi mmodzi wamkazi ndi anzawo asanu osunga nsapato. Ahedi, achiwiri awo ndi aphunzitsi aamuna amatulukira 3 koloko, mipando yawo itayalidwa kale kumbali ya bwalo la anyamata. Lolemba pa asembule, zotsatira za anyamata zimafotokozedwa ndi mayina a omwetsa zigoli, za atsikana zimanenedwa m'chiganizo chimodzi, mwinanso kuiwalika mpaka wina akumbutse.

Ana amaona zimenezi. Mtsikana wa Fomu 1 amene ali ndi msinkhu ndi manja a Mwai Kumwenda amaphunzira msanga kuti chimene amachita bwino kwambiri n'chosayenera kuti munthu wamkulu achiyimirire. Mnyamata naye amaphunzira kuti masewero a atsikana ndi nthawi yopita kukagula zitumbuwa. Akakula ndi amene amakhala m'maofesi ogawa ndalama za masewero, ndiye tidabwe chiyani? Timadandaula m'misonkhano kuti atsikana akusiya sukulu, timalemba mapulani, timaitana alendo kuti adzawalimbikitse ndi mawu. Koma chinthu chimodzi chosafuna bajeti, kungoimirira pambali pa bwalo kwa ola limodzi n'kuitana mwana ndi dzina lake akalanda mpira, chimatikanika. Amene mwaphunzitsa ku CDSS mukudziwa kuti pali atsikana ena amene chimawabweretsa kusukulu teremu yachiwiri ndi timu. Masamu amawapeza ali kale pabwalo.

Ndiye pali nkhani ya bwalo lenilenilo. Bwalo la anyamata limatchetchedwa, mizere imathiridwa laimu kapena phulusa, magolo amapakidwa utoto. La atsikana nthawi zambiri ndi kamalo kotsetsereka kuseri kwa khitchini, mizere yojambula ndi phazi, mitengo iwiri yabulugamu yosiyana kutalika, mkombero wina wopindika moyang'ana pansi. Mwana amene wazolowera kugoletsa pa mtengo wa mamita awiri ndi theka akapita ku mpikisano wa zoni amaphonya zonse, n'kumadziona ngati wopanda luso, chonsecho vuto ndi la amene anadula mtengo. Tepi yoyezera ili m'labu, aphunzitsi a masamu alipo, ana a Fomu 3 akufuna chitsanzo chenicheni cha muyeso ndi ngodya. Kachigawo kogoletsera ndi theka la bwalo lozungulira la mamita 4.9 kuchokera pa mtengo. Chingwe, chikhomo ndi phulusa, ntchito ya masana amodzi.

Kuyimbira nako kumafuna anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, aliyense ndi theka lake la bwalo. M'masukulu ambiri amangogwira mayi mmodzi amene ankasewerako kale, ayimbire yekha bwalo lonse, ndiyenso akhale kochi, wosunga nthawi ndi wolemba zigoli. Zikavuta timati masewerowa ndi a mikangano. Aphunzitsi aamuna amene mumadziwa lamulo la kujomba mpaka kukangana nalo usiku wonse, malamulo a ntchemberembaye sangakukanikeni. Sabata imodzi yokwana, ndipo mudzayamba kuona zimene ndakhala ndikufotokozazi.

Pempho langa kwa inu amene mumakonza ndandanda ya masewero teremu ikubwerayi ndi laling'ono. Ntchemberembaye ya timu yoyamba muyiike payokha, pa nthawi imene palibe mpira wina uliwonse ukuchitika pasukulupo, dzuwa litapendeka. Ndi zigawo zinayi za mphindi 15, ndipo ndi kupuma komwe sizifika ola limodzi ndi theka. Mipando ya ahedi ndi alendo ikayalidwe kumeneko, ng'oma zipite kumeneko, ndipo anyamata a timu yoyamba akaime kutsogolo atavala kale yunifolomu yawo, achemerere alongo awo asanapite kukachemereredwa. Ngati mdima ukuopseza, mpira wa anyamata a timu yachiwiri ndi umene uyambe 1 koloko.